Chitsime chimene ndinakwirira ndekha

Ana anga a ku Mua, a ku Golomoti, a ku Mtakataka, ndikukuonani. Batire ya sola ikafa mukuiswa ndi nkhwangwa kuseri kwa nyumba, asidi n'kukhuthulira pansi, mtovu n'kusungunula m'chitini kuti mukagulitse kwa asodzi omangirira ku maukonde. Ntchito imeneyo ndinaiyamba inu musanabadwe. Lekani. Ndikuti lekani.

Ine ndinkatchaja mabatire a galimoto a anthu omvera wayilesi. Akufawo ndinkaswera pansi pa mtengo wa mango, chitsime chathu chili apo poteropo. Malemu amayi anga ankandiletsa. "Mwanawe, zonunkhazo usamathire pafupi ndi madzi." Ine ndinkawaonetsa ndowa: madzi oyera mbee, pansi pake kuoneka. Mawu a akulu akoma akagonera.

Mwana wanga wachisamba ankasewera padothi lomwelo, ankapuma utsi wa m'chitinimo, ankamwa madzi omwewo. Anayamba kudandaula m'mimba. Zikhatho zinayera. Kusukulu zinthu sizinkalowa, Sitandade 3 anabwereza katatu. Ndinamukwapula. Ndinamutcha waulesi. Ndinamukwapula mwana amene ndinamudwalitsa ndekha, ndipo zimenezi zimandidzutsa usiku mpaka lero.

Anandizindikiritsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira sayansi ku Zomba. Anatunga madziwo m'botolo kukayezetsa, ndipo anabwerako nkhope ili yakugwa. "Amalume, muli mtovu. Ukasungunuka m'madzi suoneka, sununkha, lilime siliumva." Bungwe la WHO limati mtovu usapitirire mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi. Werengerani nokha: galamu imodzi yokha ikwana kufikitsa pamalire amenewo zigubu 5,000 za malita 20. Nanga m'batire imodzi muli makilogalamu angati?

Ndinati tiziwiritsa. Mwana wa mlongo wanga uja anapukusa mutu. Moto umapha tizilombo ta kolera, koma mtovu si kachilombo. Madzi akamaphwera mumphika, iwo umatsala, n'kuchulukirako. WaterGuard amapha tizilombo, mtovu saukhudza. Kansalu kosefera kamagwira zitsotso basi. Mvetsani bwino pamenepa: pitirizani kuwiritsa, pitirizani kuthira mankhwala, chifukwa kolera ndi yakupha. Koma zonsezo sizichotsa mtovu.

"Ndiye palibe njira?" ndinafunsa. Anatenga botolo, nathiramo palafini, madzi pang'ono ndi kasopo, nakhutchumula mpaka zinayera ngati mkaka. Anati mmenemo madziwo asanduka timadontho tosaoneka ndi maso, kalikonse katavala chikhoto cha mafuta. Njirayi, imene pachizungu amati emulsion liquid membrane, anaitulukira Norman Li ku America mu 1968. M'timadonthomo akatswiri amaikamo asidi, m'mafutamo amaikamo mankhwala onyamula. Akathira zimenezi m'madzi oipa n'kutakasa, mankhwala aja amagwira zinc, mkuwa kapena mtovu, kuwolotsa mafuta, n'kukatula mu asidi mkati muja, momwe sizingabwererenso. Akasiya kutakasa, zamafutazo zimayandama n'kuziyengula, kenaka amaziswa ndi magetsi amphamvu kuti atengemo zimene zagwidwa. Fakitale yopanga ulusi ku Lenzing m'dziko la Austria inayamba kuchotsa zinc m'madzi ake otayidwa mwanjira imeneyi mu 1986. Koma n'zosakhalira kuvuta: mukatakasa mopyola, timadontho tija timaphulika, asidi ndi poizoni n'kubwerera m'madzi.

Wina asati akayesere pachitsime. Palafini m'madzi akumwa ndi imfa ina. Chimene ndinamva ine tsiku limenelo n'chakuti zomwe ndinathira ndi dzanja limodzi zikufuna fakitale, magetsi ndi akatswiri kuti zichoke. Ku Mua kulibe fakitale yotero. Madzi akatayika saoleka.

Musati izi n'za banja langa lokha. Ku Kabwe m'Zambia mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma ana obadwa lero akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi, chifukwa uli m'fumbi limene amaseweramo. Mtovu suwola. Umadikira. Ndipo umayamba ndi bongo wa mwana wamng'ono ndi wa khanda limene lili m'mimba.

Ndikudziwa, ndalama yavuta, ndipo mtovu ukugulidwa. Komabe batire yakufa musaiswe. Ibwezeni yathunthu kwa ogulitsa mabatire kapena kwa ogula akale. Isagone m'nyumba momwe mwana akukwawa. Wina akamaswera pafupi ndi mjigo kapena m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, kauzeni amfumu ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, ngakhale akhale mbale wanu.

Chitsime chija ndinachikwirira ndi miyala. Tinatenga mwezi tikututa, ine ndi mwana wanga uja. Lero ndi bambo wandevu, wofatsa, wolimbika kumunda. Ikabwera kalata, amabwera nayo kwa ine kuti ndimuwerengere.