Cimfine ca Mungu: Lembani Masiku Ake

Kodi m'nyumba mwanu muli munthu amene amayetsemula, kutuluka mamina ndi kumva kuyabwa m'maso caka ndi caka pa miyezi imodzimodzi, koma thupi osatentha? Kawirikawiri cimeneco si cimfine copatsirana ai. Gwero lake lingakhale mungu, kafumbi kacikasu kamene kamayoyoka ku ngayaye za cimanga ndi ku maluwa a udzu. Mungu ukalowa m'mphuno, thupi la anthu ena limauyesa mdani ndi kuyamba kulimbana nawo. Mwa ena umadzutsa mphumu.

Nyengo zake muno m'Chadiza

Cimanga cobzalidwa ndi mvula yoyamba cimamasula mu Januwale ndi Febuluwale. Udzu wa m'madambo ndi wa m'mbali mwa miseu umacita maluwa mpaka mu Epulo, ndipo ndiwo umavutitsa anthu ambiri cifukwa mungu wake ndi wopepuka, umauluka mtunda wautali. Kuyambira mu Ogasiti, nthawi ya mwambo wa Kulamba, mpaka mu Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wa m'thengo zimawonjezera vutoli.

Mungu umawerengedwa motani?

Mu 1952 katswiri wa ku Britain, J. M. Hirst, anapanga makina amene amakoka malita 10 a mpweya pa mphindi imodzi. Mungu umamatirira pa kalamba konata, ndipo akatswiri amauwerenga ndi galasi lokulitsa zinthu. Ku South Africa anayamba mu 2019 kulengeza ciwerengeroci mlungu uliwonse m'mizinda 7. Kucenjeza anthu n'kofunika: mu Novembala 2016 mkuntho wa mvula unamwaza mungu wa udzu mumzinda wa Melbourne ku Australia, ndipo anthu 10 anafa ndi mphumu.

Zimene banja lingacite

Banja lingalondole mungu popanda makina. Tengani buku la sukulu. Tsiku lililonse limene wodwala wavutika, lembani tsikulo, kumene anali, ndi cimene camasula pafupi. Caka cikatha mudzaona miyezi yake yoipa. Bukulo pitani nalo kucipatala ca Chadiza kapena kukiliniki ya kwanu kuti a dokotala akupatseni mankhwala nyengoyo isanafike.

Pa miyezi yoipayo citani izi:

1. Chechani udzu wa pakhomo usanacite maluwa, koma wodwalayo asagwire nchitoyi.
2. Tsekani mawindo pamene kunja kuli mphepo.
3. Pocokera kumunda sambani ndi kusintha zovala.
4. Musagule makapisozi pamsika, cifukwa sacilitsa cimfine ca mungu. Piriton amathandiza, koma amagonetsa, motero woyendetsa galimoto acenjere.

Mwana akayamba kubanika, kulira m'cifuwa popuma, kapena kulephera kumaliza mau polankhula, thamangirani naye kucipatala ngakhale ndi usiku. Ndiponso cifuwa cikapitirira milungu 2, musanamizire mungu. Kapimitseni TB.