Birimankhwe wa pa Zomba: Khola Lake ndi Chakudya Chake

Kwerani msewu wa Ku Chawe m'mamawa nkhungu isanachoke, muyang'anitsitse m'zitsamba za m'mbali mwa msewu. Mwina mudzamuona birimankhwe ali phee panthambi, diso limodzi lili pa inu, lina likutsata ntchentche kumbuyo kwake. Ambirife tinakula tikumuopa, koma alibe ululu, ndipo m'dimba amatithandiza kwambiri pomeza ziwala ndi mbozi. Wamkulu uja timamutcha kalilombe amafika masentimita 60 kutalika, ndipo kumtunda konse kwa Africa palibe birimankhwe womuposa.

Lamulo sililola kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo cha dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Kapepala aka ndi ka amene mwatola birimankhwe wovulala pamsewu kapena pamoto wolusa wa m'phiri, komanso makalabu a zachilengedwe a m'sukulu omwe amusunga masiku owerengeka.

Khola likhale lalitali kupita m'mwamba, mwina mita imodzi, chifukwa moyo wake wonse ndi wa m'mitengo. Gwiritsani ntchito waya wa udzudzu uja wa m'mawindo kuti mphepo izidutsa. M'ndowa kapena m'botolo ayi, amabanika. Ikanimo nthambi zopyapyala zoti zala zake zizifumbata bwino, ndi mtengo wamasamba wodzala m'chitini kuti azibisalamo. Dzuwa la m'mawa lizimufika, limalimbitsa mafupa, koma mbali ina pakhale mthunzi. Akhale yekha, awiri m'khola limodzi amalimbana.

Nkhani ya madzi ndi imene imapha ambiri. Birimankhwe samwa m'mbale. Pa Zomba amanyambita mame ndi madontho a nkhungu pamasamba, tsono inunso muziwaza madzi pamasambawo m'mawa ndi madzulo. Mukaona maso ake alowa m'kati, dziwani kuti ludzu lamukula.

Amadya zamoyo zokha, zimene zikuyenda. Ziwala zing'onozing'ono, nkhululu, ntchentche, ndi ngumbi mvula yoyamba ikagwa, zonsezi ndi zabwino. Muzisinthasintha, ndipo kachilomboko kasapose kukula kwa mutu wake. Nunkhadala musayerekeze n'komwe, mawanga ake owala aja ndi chenjezo la poizoni. Musagwirenso tizilombo m'dimba la tomato kapena la kabichi lomwe mwapopera mankhwala. Ziwala zija muzisunge usiku umodzi m'kachitini koboola, muzipatse nkhwani ndi karoti, kuti akadya zimupindulire. Kenaka ikani chiwala panthambi, bwererani m'mbuyo, mudikire. Adzachiloza ndi maso onse awiri, n'kuponya lilime lotalika kuposa thupi lake, musanaphethire n'komwe chiwala chapita.

Musamugwiregwire. Akada bii n'kuyasamula kukamwa ndiye kuti wachita mantha, musiyeni.

Akangoyamba kudya ndi kukwera bwino, mubwezereni pafupi ndi pamene munamutola, pachitsamba chakutali ndi msewu ndi amphaka.