Penti yosalola chigamba

Pa mapenti onse amene munthu angapake njinga yamoto, palibe yonyenga maso ngati yakuda yosawala ija anyamata amati matte. Ukaiona umati ndi yophweka: kungopopera basi, popanda kuvutika ndi polishi kapena kufuna kuti inyezimire. Zonsezi n'zabodza, ndipo mwana wa mlongo wanga, yemwe amachita kabaza ku Ndirande, anazitsimikiza ndi thumba lake lomwe.

Fashoni imeneyi sinayambire pa masiteji athu. Asilikali akhala akupaka magalimoto awo penti yosawala kuyambira kale, kuti dzuwa lisamawaulule kwa adani. Kenako opanga njinga anaona kuti mtundu umenewu ukugulitsa malonda. Mu 1998 kampani ya ku Italy ya Ducati inatulutsa njinga ya Monster Dark, yakuda bii yosanyezimira, ndipo chodabwitsa n'chakuti inali yotchipirapo poyerekeza ndi zinzake zowala. Mu 2009 Harley-Davidson ya ku America inabweretsa Iron 883 ya penti imene iwo amaitcha Black Denim. Zithunzi za njinga zoterezi n'zimene zimadutsa m'mafoni a anyamata athu pa TikTok ndi pa Facebook, ndipo sizinena kuti penti ya kufakitale ija inapoperedwa m'chipinda chopanda fumbi, n'kuumitsidwa ndi kutentha koyezedwa, komanso kuti mwini wake amapatsidwa malangizo a kasamalidwe kake.

Mwana wa mlongo wanga uja anali atangomaliza kulipira bwana amene anamupatsa njinga pa ngongole. Njingayo, Boxer yofiira, inali yake tsopano, ndipo mtima unali m'mwamba.

"Malume, njinga zofiira zachuluka pa siteji," anatero. "Kasitomala sadziwa kuti yanga ndi iti. Ndikufuna ikamabwera anthu azicheuka."

Kucheuka anacheukadi.

Anakagula zitini za penti yopopera mu shopu ya hadiweya ku Limbe, zotchipa zija anthu amapopera mageti ndi mafelemu a mawindo. Thanki sanaichotse. Anangoikwecha ndi sandipepa wokhakhala amene anabwereka kwa kalipentala, n'kuitsuka ndi sopo waufa, n'kuphimba mpando ndi magalasi ndi nyuzipepala. Pulayimala anati ndi kuwononga ndalama. Anapopera kuseri kwa nyumba, masana a mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kamphepo kakuulutsa fumbi la pabwalo. Poti penti inatsalako, anapitiriza mpaka pa injini, pa ekizozi, pa mapulasitiki a m'mbali, ngakhale pa timagalasi tofiira ndi tachikasu tija timawala usiku galimoto ikawalitsa nyali.

Madzulo ake njinga inali yokongola, ndisaname. Utaima patali unkaona ngati yatsika m'ndege. Ukayandikira n'kuyendetsa chikhatho pa thanki unkamva timiyalamiyala, chifukwa pa kutentha kotero penti imauma isanafike pa chitsulo, n'kugwa ngati ufa m'malo moyala. Kuwala kukagwa cham'mbali pankaonekanso mikwingwirima, pena pakuda kwambiri pena potuwa, motsata mmene dzanja linkayendera. Penti yowala ikatero umatha kuisalaza ndi sandipepa wosalala n'kupukuta mpaka zonse zitafanana. Yosawala mmene yagwera ndi mmene ikhalire.

Ekizozi ndi imene inayamba kudandaula. Ulendo woyamba wopita ku Chirimba inafuka utsi wonunkha, penti n'kutuwa, n'kuyamba kuyoyoka. Chitsulo chimenecho, makamaka pamene chikutuluka mu injini, chimatentha madigiri mazanamazana, ndipo chimafuna penti yakeyake yopirira moto. Koma ichi chinali chaching'ono.

Chachikulu chinabwera ndi petulo. Mafuta atasowa m'mafiling'i siteshoni, anagula wa m'botolo m'mbali mwa msewu, ndipo wogulitsa pothira anadonthetsera pang'ono pafupi ndi chivindikiro. Mnyamatayu anatenga kansanza kuti apukute msanga. Kansanzako kanabwera kakuda, ndipo pa thanki panatsala mzere wofiira wa penti yakale, kuchokera pakamwa pa thanki kutsika mpaka pa mpando.

Apa ndi pamene ambiri amagwera, choncho ndichedwepo. Penti ya m'zitini zotchipa imauma chifukwa thina amene ali m'kati mwake wauluka, basi. Palibe chimene chasintha mu pentiyo. Ikakumananso ndi madzi aliwonse ofanana ndi thina, imafewa n'kubwerera mwakale, ndipo petulo ndi mmodzi mwa madzi oterowo. Wathu kuno ali ndi mnzake womuthandiza: kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe nayenso sagwirizana ndi penti zofooka. Penti imene amisiri a magalimoto amagwiritsa ntchito, yomwe amaitcha 2K, ndi ina. Imasakanizidwa ndi hadina nthawi yopopera, ndipo ziwirizi zimalumikizana n'kukhala chinthu chatsopano cholimba chimene petulo sangachisungunule msanga. Pa geti penti yotchipa imakwana. Thanki ya njinga ya kabaza imathiridwa mafuta kangapo patsiku, kawirikawiri ndi munthu wofulumira.

Zitatero anaganiza zoika chigamba. Anagula chitini china cha mtundu womwewo, n'kupopera pa mzere paja pokha. Chigambacho chinauma chakuda kuposa malo ena, chili ndi mkombero wotuwa m'mphepete mwake. Kusawala kwa penti kumadalira zinthu zambiri: kukhuthala kwake, kutalika kwa dzanja, kutentha kwa tsikulo, ngakhale nthawi imene wagwedeza chitini. Kupeza kusawala kofanana ndendende ndi kwa dzulo n'kovuta ngakhale kwa katswiri, n'chifukwa chake amisiri salola chigamba. Pakakandika pang'ono, amapopera chiwalo chonsecho mwatsopano.

Pofika mwezi wachiwiri panabuka china chimene sanachiyembekezere: njinga inayamba kuwala, koma m'malo osankha. M'mbali mwa thanki, momwe mawondo amakhudza, munali mabala awiri onyezimira. Pamwamba, pamene amatsamiritsa chikwama cha kasitomala, panalinso lina. Pomwe chingwe cha mphira chomangira katundu chinakanda, iye anayesa kufufuta ndi polishi wa galimoto, ndipo panatuluka bala lowala lalikulu ngati chikhatho.

Chimene chimachititsa penti kusawala ndi timibulu ta silica, tosaoneka ndi maso, timene amathira m'kati mwake. Timapangitsa khungu la penti kukhala ndi timapiri ndi timaenje, ndipo kuwala kukagwapo kumabalalika m'malo mobwerera m'maso mwako. Aliyense amene anaonapo agogo akukulungiza pansi pa nyumba yozira akudziwa chimene chimachitika: dothi lomwelo limene linali lotuwa, mwala wosalala ukalidutsa kambirimbiri, limayamba kung'anima. Bondo la wokwera, nsanza youma, burashi ya otsuka magalimoto, zonsezi zimagwira ntchito ya mwala uja. Timapiri tikaphwa sitimeranso. Polishi nayenso amadzaza timaenje tija, mafuta a m'zala chimodzimodzi. Munthu amene wangodya tchipisi kapena mandasi akagwira thanki, zala zake zimatsala pomwepo. Fumbi lofiira la m'misewu yathu limakhazikika m'timaenje tomwetija, ndipo ukalipukuta louma ndiye kuti ukukwecha.

Mapulasitiki a m'mbali anali atayamba kale kusupuka, poti penti wamba sigwira pa pulasitiki popanda mankhwala oimatitsa. Pafupi ndi chogwirira cha buleki yakutsogolo, pamene makaniko anadonthetsa mafuta a mabuleki, penti inatupa n'kunyamuka; mafuta amenewo amadya ngakhale penti ya kufakitale ukawasiya osatsuka ndi madzi.

Ndinamutengera kwa mmisiri wina wachikulire amene wakhala akuwongola ndi kupopera magalimoto zaka zambiri. Anaizungulira njingayo osalankhula, n'kukanda thanki ndi chikhadabo. Penti inanyamuka ngati khoko.

"Mphwanga, wapaka ndani?"

"Ndapaka ndekha, madala."

"Ndaona. Ukanabwera nayo yofiira, ntchito ikanakhala theka. Pano ndiyambe kaye kuchotsa zakozi, chifukwa ndikapopera yanga pamwamba, thina wanga adzaidzutsa, yonse idzachita makwinya."

Anamufotokozera mmene ntchitoyi imayendera. Thanki imachotsedwa pa njinga, mafuta onse n'kukhuthulidwa, n'kutsukidwa m'kati ndi kusiyidwa kuti mpweya wa petulo utuluke. Apa mkuluyo anakweza mawu pang'ono: thanki yopanda mafuta koma yodzaza mpweya wake ndi imene imaphulika ikakumana ndi nthethe za galainda kapena moto wowotcherera. Kenako kukwecha, kuyambira sandipepa wokhakhala kupita ku wosalala, 320, 400, mpaka 600 wa madzi. Mikwingwirima ya sandipepa wa kalipentala ija inkaonekera pansi pa penti yakuda. Pa chitsulo choyera pamafunika pulayimala wogwira chitsulo, apo ayi dzimbiri limayamba pansi mvula yoyamba ikangogwa. Chilichonse chisanapoperedwe chimapukutidwa ndi mankhwala ochotsa mafuta, ndipo kuchokera pamenepo palibenso kugwira ndi zala. Mtundu umabwera pambuyo, mopyapyala, kawiri kapena katatu, mfuti yopoperera ili pa mtunda wa masentimita 15 mpaka 20, mzere uliwonse ukuphimba theka la unzake, n'kudikira mphindi 10 kapena 15 pakati. Pomaliza ndi kiliya wa 2K wosawala, penti yoonekera yotchinga mtundu uja. Amapopera m'mawa, m'kati mwa shedi, atawaza madzi pansi kuti fumbi ligone. Masiku a chiperoni sapopera n'komwe, poti chinyezi chimayeretsa penti. Kachitsotso kamodzi kakagwera pa kiliya womaliza, palibe kukachotsa ndi sandipepa; n'kuyambiranso.

Ndinaona kuti mkuluyo amapuma movutikira, ndipo mnyamata wake ankapopera bampala atamanga kansalu pamphuno. Hadina wa 2K ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate, amene amawononga mapapo ndi kuyambitsa mphumu yosachoka. Ku Britain, bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE limaika opopera magalimoto pakati pa anthu amene amadwala kwambiri mphumu yobwera chifukwa cha ntchito, ndipo limafuna kuti azivala chophimba kumaso cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Kansalu kapena kamasiki ka pepala sikatchinga kanthu. Ndikunena izi chifukwa masiku ano kuli zitini za 2K zokhala ndi batani pansi, loti ukalidina hadina amasakanikirana ndi penti, n'kugwira ntchito kwa tsiku limodzi kapena awiri. Wina angazipeze n'kukapopera pakhonde, ana akusewera pambali, nsima ili pamoto.

Nkhani imene inamuopsa kwambiri mwana wa mlongo wanga uja sinali ya mapapo. Mkuluyo anawerama n'kuloza pa khosi la felemu, pansi pa mahandulo, kenako pa injini. Manambala onse awiri anali atakwiririka ndi penti.

"Pa rodibuloko sanakufunse?"

"Anandifunsa dzana, madala. Tinakanda ndi kiyi mpaka zinaoneka."

"Mapepala ako alemba mtundu wanji?"

Anali atalemba wofiira. Njinga zamoto zikubedwa kwambiri, ndipo chinthu choyamba chimene wakuba amachita ndi kusintha mtundu ndi kusokoneza manambala. Wapolisi akaona njinga yakuda yopaka pakhomo, manambala osaoneka, mapepala akunena zina, sungamuimbe mlandu akaikayikira. Wogula nayenso amaganiza chimodzimodzi, kapena amati njinga inachita ngozi ndipo penti ikubisa mabala, n'kutsitsa mtengo. Amene wasintha mtundu ayenera kupita ku Road Traffic kuti mapepala agwirizane ndi njinga, ndipo kumeneko n'kutaya ndalama zina ndi tsiku lina la ntchito. Za timagalasi towala tija mkuluyo sanafune n'komwe kukambirana. Njinga yakuda yosawala, usiku, pa msewu wopanda magetsi, woyendetsa minibasi amaiona atafika kale.

Sindikunena kuti penti yosawala ndi yoipa. Yopakidwa bwino ndi yokongola zedi, ndipo amene ali ndi njinga yoyendera Loweruka, yogona m'galaja, yotsukidwa ndi madzi ambiri, sopo wopanda polishi ndi nsalu yofewa, angasangalale nayo zaka. Koma njinga imene imanyamula matumba a makala m'mawa, makireti masana, mayi ndi dengu la tomato madzulo, imakhudzidwa ndi kukandika tsiku lonse, ndipo penti yoiyenera ndi imene ungathe kuipukuta n'kubwerera mwakale. Amene mtima wakana ndithu angamatitse pulasitiki wakuda wosawala pamwamba pa penti ya kufakitale. Akang'ambika umamatula, penti yeniyeni ili bwinobwino pansi.

Mtengo umene mkuluyo anatchula pa ntchito ya matte unaposa kutali ndalama zonse zimene zinapita ku zitini. Wa penti yofiira yowala unali wotsikirapo. Mnyamatayu anawerenga pa zala, n'kufunsa kuti njinga ituluka liti.

"Kupopera ndi tsiku limodzi. Koma 2K imafuna pafupifupi sabata kuti ilimbe bwino, ndipo thanki yanga sithiridwa petulo isanalimbe. Ukaitenga msanga, usadzabwerenso kuno."

Sabata imeneyo anaigwira pa njinga ya mnzake, usiku wokhawokha, ndalama n'kumagawana pakati. Anasankha yofiira.