KUPHIMBA NKHOPE NDI UFULU WA CHIPEMBEDZO

Tsiku lina m'kalasi abambo anatifunsa funso ili: kodi boma lili ndi mphamvu zoletsa munthu kuvala chovala cha chipembedzo chake? Anatipatsa chitsanzo cha dziko la France. Ndivomere kuti poyamba ndinaganiza kuti nkhaniyi ndi ya Asilamu okha. Nditaifufuza bwino ndinasintha maganizo.

M'chaka cha 2010 dziko la France linakhazikitsa lamulo loletsa kuphimba nkhope pamalo pomwe pamafika anthu onse, monga mumsewu, m'sitolo ndi m'maofesi a boma. Linayamba kugwira ntchito pa 11 April 2011. Wolakwira lamuloli angathe kulipitsidwa chindapusa cha mayuro 150, ndipo wokakamiza mnzake kuphimba nkhope angathe kumangidwa chaka chimodzi. Lamuloli silitchula chipembedzo, koma onse ankadziwa kuti likukhudza amayi achisilamu ovala nikabu, nsalu yosiya maso okha. Pambuyo pake Belgium, Austria ndi Denmark anachitanso chimodzimodzi. Ku Switzerland anthu anavomereza chiletsochi pa voti ya 2021, ndipo chinayamba kugwira ntchito mu 2025.

Ochirikiza lamuloli amapereka zifukwa zitatu: chitetezo, ulemu wa amayi, komanso kuti anthu okhalira limodzi ayenera kuonana nkhope. Mayi wina wachisilamu anakadandaula ku khoti la maufulu a anthu la ku Ulaya, lomwe lili ku Strasbourg. Iye anati amavala nikabu mwa kufuna kwake, ndipo ndi wokonzeka kuonetsa nkhope akafunsidwa pa zifukwa za chitetezo. Mu 2014 khotilo linati zifukwa ziwiri zoyambazo sizokwanira, koma linalola lamuloli pa chifukwa chachitatu. Mu 2018 komiti ya United Nations yoona za maufulu a anthu inaweruza mosiyana: inati France inaphwanya ufulu wa amayi awiri omwe anapatsidwa chilango. Apa tikuona kuti ngakhale akatswiri a malamulo sagwirizana.

Nanga Mpingo wathu ukutiphunzitsa chiyani? Pa 7 December 1965 Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chotchedwa Dignitatis Humanae. Chikalatachi chimaphunzitsa kuti ufulu wa chipembedzo umachokera ku ulemerero wa munthu aliyense, osati wa Mkatolika yekha. Munthu asakakamizidwe kuchita zotsutsana ndi chikumbumtima chake, ndiponso asaletsedwe kuchitsata, kaya kuseri kaya poyera. Komabe ufuluwu uli ndi malire: boma liyenera kuteteza mtendere ndi maufulu a anthu ena.

Choncho maganizo anga ndi awa. Ngati wapolisi, woweruza kapena woyang'anira mayeso afuna kudziwa kuti munthu ndi ndani, nkoyenera kuti munthuyo aonetse nkhope. Wokakamiza mkazi kudziphimba alangidwe ndithu. Koma kulanga mayi yemwe akungopita kumsika, osalakwira aliyense, ndikuona kuti nkupyola malire. Ngati mwamuna wake amamukakamizadi, chindapusa sichimumasula. Mwina chingangomutsekera m'nyumba. Tikumbukirenso kuti mu 2020, pa nthawi ya mliri wa korona, anthu ambiri anaphimba pakamwa ndi pamphuno, koma anapitirizabe kukhalira limodzi.

Chinandidzidzimutsa kwambiri ndi ichi: mu 2004 dziko lomwelo linaletsa ophunzira a m'sukulu za boma kuvala zizindikiro zoonekera za chipembedzo. Chiletsocho chinakhudza mpango wa Msilamu, kachipewa ka Myuda ndi mtanda waukulu wa Mkhristu. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anzanga, ena mwa ife tidzavala mkanjo wa unsembe ndi kutumikira m'maparishi momwe Akhristu ndi Asilamu amatunga madzi pa chitsime chimodzi. Sitikhulupirira zonse zomwe iwo amakhulupirira, koma tikamapempha ufulu wovala mtanda wathu poyera, tisaiwale kuupempheranso mnansi wathu.