Mapiritsi Obisidwa M'chitini

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 52. Atandichotsa bere chaka chatha, adokotala anandilembera tamoxifen, piritsi limodzi patsiku kwa zaka 5. Mnzanga wa kumvano akuti mankhwalawa amapha mtima, ndipo popeza amayi anga anamwalira ndi sitiroko, ndaleka kumwa; masabata atatu tsopano ali m'chitini pansi pa bedi. Kodi ndalakwa?

Wodera nkhawa, Dedza

Mayi wokondedwa,

Mantha anu sindiwapeputsa, pakuti amene anaona womubala akulephera kukweza dzanja sangamve mbiri yotere mtima uli m'malo. Komatu mnzanuyo, ngakhale ananena mwa chikondi, anakupatsani theka la choonadi.

Khansa ya mtundu wanu imakula ndi homoni yotchedwa estrogen, ndipo tamoxifen amaitsekera khomo, kotero kuti mwa akazi omwa mokhulupirika zaka zisanu, imfa za nthendayi zimachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Walira mvula walira matope: mankhwala omwewa, mwa anthu owerengeka, amaundanitsa magazi m'mitsempha ya m'miyendo, ndipo chibuma cha magazicho chikathothoka chikhoza kukatseka m'mapapo, ngozi ya sitiroko nayo imakwera pang'ono, makamaka kwa osuta fodya, onenepa kwambiri, a BP ndi a shuga. Mankhwala ena a khansayi, letrozole ndi anastrozole, opatsidwa kwa amayi amene anasiya kusamba, saundanitsa magazi chotero, koma amafooketsa mafupa ndipo akhoza kukweza mafuta a m'magazi. Palibe mankhwala opanda banga.

Chifukwa chake ndikupemphani, sabata ino isathe musanapite kuchipatala, chitinicho chili m'manja, ndipo mukaulule zonse osachita manyazi: kuti munaleka, ndi za imfa ya amayi anu, zimene mwina simunazitchule konse. Akakuyezeni BP ndi shuga, ndipo adokotala, osati inu nokha kapena mnzanu, aweruze oyenera thupi lanu.

Mukayambanso kumwa, muziyenda tsiku ndi tsiku, ndipo pa ulendo wautali basi ikaima muzitsika kukawongola miyendo. Mwendo umodzi ukatupa, katumba n'kumatentha ndi kuwawa, kapena mukabanika mwadzidzidzi, chifuwa kubaya, pakamwa kupotoka, lilime kulemera, musadikire kuti kuche. Dzutsani a m'nyumba akutengereni kuchipatala usiku womwewo.

Ndine wanu,
Azakhali