Kodi buku lalitali chonchi n'kulimaliza?

Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Mzuzu. Akuti akuwerenga Les Misérables ya Victor Hugo, afika pakati, koma atopa. Nkhani aidziwa kale, wakuba analapa n'kusanduka munthu wabwino, nanga masamba otsalawo ndi a chiyani?

Mayi, limalizeni. Kutopako sikodabwitsa, pakuti bukuli, lomwe linatuluka mu 1862, lili ndi zigawo 5 ndi mitu 365. Koma onani kuti kulapa kwa wakubayo, Jean Valjean, kumachitika koyambirira kwenikweni. Watuluka m'ndende atakhalamo zaka 19, zisanu chifukwa choba buledi, zinazo chifukwa choyesa kuthawa. Bishopu Myriel wa ku Digne amulandira, iye n'kumubera ziwiya zasiliva. Apolisi atamugwira, bishopu anena kuti anachita kumupatsa, n'kumuwonjezera zoikapo makandulo ziwiri. Hugo akanangofuna kutiuza kuti chifundo chimasintha munthu, akanalekera pomwepo. Funso lake ndi lina: kodi munthu amene wasankha zabwino kamodzi adzazigwirabe pamene zayamba kumupweteka? Limeneli limafuna zaka, ndipo zaka zimafuna masamba. Taonani Valjean ali meya wolemekezeka, mwini fakitale, akudziwika ndi dzina loti Madeleine. Amva kuti mkulu wina wosauka, Champmathieu, wagwidwa pomuyesa kuti ndiye Valjean. Akangokhala chete, palibe adzamusakenso, ndipo antchito ake apitiriza kudya. Usiku wonse azungulira m'chipinda, aponya pamoto zovala zake zakale ndi ndodo, atsala pang'ono kusungunula zoikapo makandulo zija. Kukucha, ali pa ulendo wopita kukhoti ku Arras kukadziulula yekha. Wowerenga amene sanaone zimene munthuyu wamanga sangamve kulemera kwa zimene akutaya.

Mwadandaulanso kuti wolemba amapatuka kwambiri. N'zoona. Zachinenero cha mbava za ku Paris mungothamangapo, sindikudzudzulani. Koma nkhondo ya ku Waterloo ya mu 1815, imene Hugo anaipatsa mitu 19, musailumphe yonse. Kumapeto kwake timaona munthu wina, Thénardier, usiku akufunkha m'matumba a mitembo, asolola msilikali Pontmercy wotsala pang'ono kufa, amubera wotchi ndi mphete, ndipo msilikaliyo ayesa kuti wapulumutsidwa ndi munthu wachifundo. Ngongole yabodza imeneyi Pontmercy aisiyira mwana wake Marius, ndipo imavutitsa mnyamatayo mpaka kumapeto.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Johannesburg. Iwo alimaliza, koma akwiya. Mayi wa ku Mzuzu mundikhululukire, ndiulula mathero. Bambowa akufunsa kuti buku lotani limene woipa uja Thénardier alandira ndalama kwa Marius, apita ku America n'kukayamba malonda a akapolo, pamene Valjean amwalira atatha miyezi yambiri ali yekha?

Bambo, mkwiyo wanu ukutsimikizira zomwe ndikunena. Valjean akanalandira mphotho, tikanati anachita zabwino podziwa kuti adzakolola. Hugo sanafune kutinamiza kuti dziko limalipira aliyense molingana ndi ntchito zake. Mungatsutse kuti nthano za agogo zimalanga woipa m'mawu ochepa, ndipo ana amamva. Inde, koma nthano ilibe malo a munthu ngati Javert, wapolisi woona mtima, wosalandira ziphuphu, amene amazunza anthu pokhulupirira kuti akutumikira chilungamo. Pa zipolowe za mu 1832 Valjean anali ndi mpata womuwombera, koma anamumasula. Javert analephera kukhala m'dziko limene mkaidi angaposere lamulo pa ubwino, mpaka anadziponya mu mtsinje wa Seine. Kodi ameneyu tinena kuti ndi woipa? Musaiwalenso kuti Thénardier yemweyo, pofuna kugulitsa chinsinsi, ndiye anaululira Marius mosadziwa kuti amene anamunyamula ali chikomokere m'ngalande za zonyansa za pansi pa Paris anali Valjean.

Mayi wa ku Mzuzu, muziwerenga mutu umodzi patsiku, yambiri ndi yaifupi. Mukamaliza mutilemberenso, mutiuze mmene mwamuweruzira Javert.