Injini ikasiya kukodza, zimitsani

Boti lina linanyamuka pa Chisi m'mamawa, litanyamula amayi a geni ndi matumba awo a matemba ouma, kulowera ku doko la Kachulu. Lili pakati, madzi amene amatuluka kumbuyo kwa injini anayamba kudontha, kenaka anasiyiratu. Mnyamata wokapa madzi ndiye anaona.

"Achimwene, yasiya kukodza."

Woyendetsa anaponya maso kumtunda, mitengo ya ku Kachulu ikuoneka kale. "Tikaionera konko."

Fungo la mphira wopsa linamveka, injini inatsokomola kawiri n'kuuma gwa, chingwe cholizira osakokekanso. Anafika ndi nkhafi dzuwa litapendeka, galimoto za ku Zomba zitapita, amayi aja akulalata.

Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja momwemo. Amalowera pa timabowo ta kumwendo kwake, ndipo kampira ka mapiko, impela, ndi kamene kamawakankhira kumutu. Timadzi totuluka kumbuyo tija ndi umboni wakuti zonsezi zikuyenda. Tsono Chilwa ndi nyanja yosaya, ya matope ndi njedza. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka bwalo. Madzi akatsika, mwendo wa injini umakwekwereza pansi, matope n'kutseka timabowo. Impela ikazungulira pouma siichedwa kupsa, ndiye pisitoni imatentha mpaka kumatirira.

Woyendetsa uja akanazimitsa, kukweza mwendo, kuchotsa udzu kapena jumbo yomata pa timabowo, n'kutokosa kabowo kokodzera ndi kawaya. Ikakana kukodza mutatero, gwirani nkhafi. Impela mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi pisitoni ndi silinda.

Zina n'zakuti mungathane nazo nokha. Injini ikamalira n'kuzima, yambani mwaona kampweya ka pa chivindikiro cha thanki, chifukwa ambiri amaiwala kukatsegula. Finyani kampira ka pa paipi mpaka kalimbe, mupukute pulagi. Petulo wa m'zigubu, amene timathamangira mafuta akasowa ku Zomba, muzithirako pang'ono m'botolo loonekera: ngati muli madzi, amakhazikika pansi. Oyilo musamayese ndi maso. Pa Yamaha Enduro imene yatha kuzolowera, malita 25 a petulo amafuna theka la lita la oyilo wa thusitiroko. Woumira oyilo amadzagula injini kawiri.

Pamene ndimatsutsana ndi akatswiri a pa doko ndi apa. Mukamasula bawuti ya giya n'kupeza oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo kawirikawiri ndi ulusi wa ukonde umene wakulunga kuseri kwa pulopela n'kudula silo. Kusintha oyilo kokha sikuchiza. Chimodzimodzi injini yogogoda m'kati, youma, kapena yogwera m'madzi. Makaniko wa njinga zamoto angakhale waluso ndithu, koma giya ya boti imafuna zida zake ndi miyeso yake, osati hamala ndi tchizulo. Ikwezeni galimoto, ipite kwa odziwa injini za maboti kapena kwa amene anakugulitsani, ndipo yomira ipite tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire. Ngati ndi yatsopano ndipo pepala la chitsimikizo likadagwira ntchito, musalole aliyense kutsegula mutu wake, chifukwa ogulitsa akapeza mabawuti okhudzidwa akhoza kukana kuikonza ulere. Popita mutenge lisiti, ndipo nambala yolembedwa pa chitsulo chomangira injini ku boti muikopere papepala, poti zipangizo amazifufuza ndi nambala imeneyo.